Mafizo a pakhomo kwa munthu amene wabinya phazi

Kubinya phazi kumachitika m'malo wamba ndiponso mosayembekezereka. Wosewera mpira wamanja amadumpha n'kutera pa phazi la mnzake, mnyamata amaponda pokumbika akuthamangitsa mpira pabwalo la sukulu, mayi wosenza ndowa ya madzi amaterereka m'njira ya matope nthawi ya dzinja. Nthawi zambiri phazi limapindikira mkati, ndipo mitsempha yolimba imene imamanga mafupa a kunja kwa kakolo imakokeka mopyola muyeso kapena kung'ambika. Ikangokokeka pang'ono, munthu amakhala bwino pakatha sabata imodzi mpaka atatu. Ikang'ambika mbali ina, pamafunika masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Ikadukiratu, kuchira kumatenga miyezi ndipo kumafuna kuti achipatala aziona mmene zikuyendera.

Vuto lalikulu n'lakuti ululu umatha msanga, mphamvu ndi kukhazikika kwa phazi zisanabwerere. Munthu akaona kuti akutha kuyenda osatsimphina amati wachira, koma pakangopita miyezi yochepa amabinyanso pomwe paja, ndipo ena amakhala ndi phazi lomangopindika paliponse kwa zaka zambiri. Mafizo amene afotokozedwa pano cholinga chake n'kutseka mpata umenewo, ndipo zipangizo zake ndi zopezeka m'nyumba: chitenje, chubu chakale cha njinga, mtsamiro, mpando, khoma ndi timiyala.

Choyamba, tsimikizani kuti fupa silinathyoke

Musayambe mafizo aliwonse musanathetse funso limeneli. Madokotala a mumzinda wa Ottawa ku Canada anakonza mu 1992 njira yosavuta yodziwira amene akufunika kujambulidwa ekisire, ndipo njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'mayiko ambiri. Yesani kuyenda masitepe anayi, ngakhale motsimphina. Ngati simungathe kuponda ndi phazi lovulalalo masitepe anayiwo, pitani kuchipatala. Kenako dinikizani ndi chala pa fupa lenilenilo, kumbuyo ndi kunsonga kwa mafupa awiri otumphuka a kakolo, lakunja ndi lamkati, n'kumakwera m'mwamba pafupifupi masentimita 6. Dinikizaninso pa kafupa kotumphuka m'mbali mwa phazi chakunja, pakati pa chidendene ndi chala chaching'ono, komanso pa fupa la m'mbali yamkati pamwamba pa kukhota kwa phazi. Ngati ululu waukulu uli pa fupa pa malo amodzi mwa amenewa, osati pa mnofu wotupa wa pafupi nalo, pakufunika ekisire.

Pitaninso kuchipatala mosazengereza ngati phazi lapotoka moonekeratu, ngati zala zachita dzanzi kapena zazizira n'kusintha mtundu, kapena ngati pali bala lotseguka. Wovulalayo akakhala mwana amene akukulabe, ndi bwino kuti aonedwe ndi achipatala ngakhale zikuoneka zazing'ono, chifukwa kumapeto kwa mafupa a ana kumakhala kosakhwima ndipo kumathyoka msanga kuposa mmene mitsempha imadukira. M'zipatala za m'maboma ku Malawi muli akatswiri a za mafupa amene amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, choncho sikuti pafunika kufika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti munthu ayezedwe.

Masiku atatu oyambirira

Pali zinthu zitatu zimene achibale amachita pofuna kuthandiza koma zimawonjezera vuto. Ena amakoka phazi mwamphamvu kuti "libwerere m'malo," chonsecho pa kubinya wamba palibe chimene chaguluka, ndipo kukokako kumangong'amba mitsempha imene yavulala kale. Ena amathowa ndi madzi otentha tsiku lomwelo, zimene zimatsegula mitsempha ya magazi ndi kukulitsa chotupa. Enanso amatema mphini n'kupakapo mankhwala, ndipo mabala oterowo pa khungu lotupa amatha kulowetsa tizilombo, kuphatikizapo toyambitsa kafumbata. Kuthowa ndi madzi ofunda kuli ndi nthawi yake, koma nthawiyo imafika chotupa chikayamba kuphwa, osati m'masiku awiri kapena atatu oyambirira.

Chofunika m'masiku amenewa n'kuchepetsa kutupa. Gonani chagada ndipo muike mwendo pa mitsamiro kapena pa bulangete lopindapinda kuti phazi likhale pamwamba kuposa mtima, kangapo pa tsiku. Kungoliika pa mpando inu mutakhala tsonga sikokwanira. Mangani bandeji yotanuka kuyambira pafupi ndi zala kukwera mpaka kupitirira kakolo, mothina pang'ono chabe, ndipo muzimasula pogona usiku. Zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kuzizira, ndiye kuti mwathinitsa. Ngati ululu uli waukulu, ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, osamugunditsa pa khungu. Kumene kulibe firiji, madzi ozizira a mumtsuko m'beseni amathandizanso. Anthu odwala matenda a shuga amene mapazi awo samva bwino asamale kwambiri ndi zozizira komanso zotentha, chifukwa khungu likhoza kuwonongeka iwo osadziwa.

Ayezi amaziziritsa ululu, koma si amene amachiritsa. Dr. Gabe Mirkin wa ku America, amene mu 1978 anatchukitsa langizo la kupumula, kuika ayezi, kumanga ndi kukweza mwendo, analemba mu 2014 kuti ayezi ndi kupumula kopitirira muyeso zikhoza kuchedwetsa kuchira. N'chifukwa chake masiku ano akatswiri a mafizo a kuchipatala amalimbikitsa kuyamba kugwedeza phazi msanga. Mwendo uli pa mitsamiro paja, kokerani zala kwa inu kenako muzikankhire kutsogolo ngati mukuponda pedulo, maulendo 15 kapena 20 pa ola lililonse limene muli maso, mpaka pamene ululu ukulolera. Kuchita zimenezi kumagwiritsa ntchito minofu ya kumbuyo kwa mwendo, imene imapopa madzi a chotupa kuwabwezera m'thupi. Pondani pang'onopang'ono mukamayenda m'nyumba, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito ndodo, muigwire ndi dzanja la mbali imene sinavulale. Ambiri amalakwitsa pamenepa, koma ndodo imathandiza bwino ikamapita patsogolo limodzi ndi mwendo wovulala kuchokera mbali inayo.

Muyeso wa ululu

Kuyambira pano mufunika muyeso umodzi woti uzikutsogolerani. Yerekezani kuti 0 ndi kusamva kanthu ndipo 10 ndi ululu wosapiririka. Pochita mafizo, ululu wofika pa 3 ndi wololedwa, malinga ngati ukutha pasanapite nthawi yaitali mutamaliza. Woweruza weniweni ndi m'mawa wa tsiku lotsatira: ngati phazi ladzuka litatupa kapena likupweteka kuposa dzulo, munachita zambiri, ndipo mubwerere pa zimene munkachita masiku awiri apitawo. Ululu wolasa ngati singano sufunika kuupirira.

Kubwezeretsa kupindika kwa phazi

Gawo ili limayamba pa tsiku lachitatu kapena lachinayi kwa amene sanavulale kwambiri. Khalani pa mpando, tambasulani mwendo, ndipo mulembe zilembo m'malere ndi chala chachikulu chakuphazi, bondo lisakugwedezeka. Kulemba A mpaka Z kawiri patsiku kumatopetsa msanga, choncho lembani mayina a maboma kuyambira Chitipa kutsika mpaka Nsanje, kapena mayina a abale anu, ndipo ana a pakhomo azilosera dzina limene mwalemba. Zilembo zokhotakhota ngati S ndi G n'zimene zimafikitsa kakolo m'mbali zonse, ndiye musazithamangire.

Kenako khalani pa mphasa mutawongola mwendo, kolekani chitenje chopinda ku phazi chapafupi ndi zala, n'kukokera kwa inu mpaka mutamva kukokeka kumbuyo kwa mwendo. Gwirani pomwepo masekondi 30, pumulani, bwerezani katatu. Ntchito imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera, pakuti kakolo wobinyidwa amauma makamaka pa kupindikira m'mwamba, ndipo munthu amene phazi lake silipinda bwino chotero amavutika kutsika chitunda, kunyonyomala ndi kutera akadumpha. Mukayamba kuima bwinobwino, yezani mmene mukupitira patsogolo motere: yang'anani kukhoma, ikani phazi pansi zala zitatalikira khoma pang'ono, ndipo mupinde bondo kuti ligunde khoma chidendene chisanyamuke. Sunthirani phazi m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pamene bondo likungofika movutikira, lembani mzere pansi ndi choko kapena khala, kenako chitani chimodzimodzi ndi mwendo wabwino. Kusiyana kwa mizere iwiriyo ndiko ntchito imene yatsala, ndipo sabata iliyonse mzere wa mwendo wovulala uyenera kuyandikira mnzakewo.

Timinofu ta pansi pa phazi natonso timafooka. Yalani chitenje pansi posalala, pondanipo, ndipo muchikwinyize ndi zala mpaka chonse chitaunjikana pansi pa phazi. Chikayamba kupepuka, ikani buku kapena paketi ya shuga kumapeto kwake. Mwazani timiyala kapena zitsekerero za mabotolo 20 pansi, n'kumatola ndi zala zakuphazi kuponya m'kambale. Apa ndi pamene ana amapikisana nanu mokondwa, ndipo nthawi zambiri amapambana.

Musanafike pogwiritsa ntchito mphira ya chubu cha njinga, yambani kudzutsa mphamvu phazi lisakusuntha. Khalani pafupi ndi mwendo wa tebulo kapena khoma, gunditsani mbali yakunja ya phazi, n'kukankha ngati mukufuna kulisuntha kwa masekondi 5 mpaka 10, maulendo khumi. Chitaninso chimodzimodzi ndi mbali yamkati. Poyenda, dzikakamizeni kuponda moyenera, chidendene choyamba kenako zala, ngakhale mutayenda pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa kutsimphina kukazolowereka kumayambitsa ululu wa bondo ndi chiuno.

Mphamvu: chubu cha njinga ndi sitepe ya pakhonde

Pamene mukuyenda m'nyumba osatsimphina ndipo chotupa chaphwa kwambiri, nthawi ya kulimbitsa yafika. Malamba otanuka amene amagulitsidwa m'masitolo a zamasewera si ofunika kwenikweni. Pemphani chubu chotha ntchito kwa wokonza njinga, chotsanipo valavu, ndipo muchicheke m'litali kuti mupeze lamba wa mphira wa masentimita atatu kapena anayi m'lifupi. Lamba wopyapyala amakhala wofewa, wotambalala amakhala wolimba, choncho mukhoza kudula awiri kapena atatu osiyana kuti muzikwera nawo pang'onopang'ono. Muziona ngati mphirayo yayamba ming'alu musanaikoke, kuopa kuti ingaduke n'kukumenyani kumaso.

Mangani lambayo mozungulira ku mwendo wa bedi kapena wa tebulo lolemera, khalani pansi, n'kulowetsa phazi. Pali mbali zinayi: kukankhira kunja, kukokera mkati, kukokera m'mwamba ndi kupondereza pansi. Pa mbali iliyonse chitani maulendo 10 mpaka 15, pumulani, ndipo mubwereze katatu, tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku. Ngati nthawi ili yochepa, musasiye kukankhira kunja. Minofu imene imachita ntchitoyi imadutsa m'mbali yakunja ya mwendo n'kuzungulira kumbuyo kwa fupa la kakolo, ndipo ndi imene imagwira phazi likayamba kupindikira mkati. Samalani kuti lisunthe ndi phazi lokha. Ambiri amatembenuza mwendo wonse kuyambira m'chiuno osazindikira, ndipo njira yodziletsera ndi kugwira bondo ndi dzanja kuti chivundikiro chake chiziyang'ana kudenga nthawi yonse. Pobwerera, musalole mphira kukoka phazi mwaliwiro. Werengani mpaka katatu pamene mukulibweza.

Kunyanyamphira ndi ntchito ina imene siyenera kusowa. Gwirani kumbuyo kwa mpando, nyamukani pa zala za mapazi onse awiri, imani kamphindi, tsikani pang'onopang'ono. Mukafika pa maulendo 20 popanda vuto, kwerani ndi miyendo iwiri koma mutsike ndi wovulala wokha, ndipo pomaliza muzikwera ndi kutsika ndi mwendo umodzi. Kulemera kwa thupi kuzikhala pa chala chachikulu ndi chachiwiri, osati kupendekera ku chala chaching'ono, pakuti kumeneko n'kumene phazi linagwera tsiku lija. Mukazolowera, imani ndi zala m'mphepete mwa sitepe ya pakhonde kuti chidendene chizitsika kupitirira sitepeyo.

Kuima ndi mwendo umodzi

Ili ndi gawo limene anthu ambiri amalidumpha, ndipo m'kuona kwanga ndi limene limasiyanitsa wochira zenizeni ndi wongosiya kumva ululu. Mitsempha ya kakolo siimangomanga mafupa, koma imauzanso ubongo mmene phazi laponderamo, ngakhale munthu asakuliyang'ana. Ikavulala, uthengawo umafika mochedwa ndiponso mosalongosoka, moti mukaponda mwala usiku minofu imachedwa kugwira ndipo phazi limapita. Kafukufuku wa pakati pa osewera wasonyeza mobwerezabwereza kuti kuphunzitsa thupi kukhazikika pa mwendo umodzi kumachepetsa kubinyanso.

Yambani mutaima opanda nsapato pafupi ndi khoma kapena pa chitseko pamene mungagwire. Nyamulani mwendo wabwino, pindani pang'ono bondo la mwendo wovulala, ndipo muyese kukhala masekondi 30. Mudzaona phazi likunjenjemera ndi zala zikukanda pansi, ndipo kumeneko ndiko kuphunzira kwake. Njira yabwino yosaiwalira ndi kulumikiza ntchitoyi ndi zimene mumachita kale, monga potsuka mano m'mawa ndi madzulo, kapena podikira madzi a tiyi kuti awire, bola mukhale patali ndi mbaula.

Masekondi 30 akayamba kukhala osavuta, onjezerani zovuta chimodzichimodzi. Tembenuzani mutu uku ndi uku mutaima chomwecho. Kenako tsinzinani, dzanja lili pafupi ndi khoma, ndipo musadabwe mukalephera kufika masekondi asanu poyamba, chifukwa maso ndi amene akhala akubisa kufooka kwa phazi. Kenako imani pa mtsamiro kapena pa bulangete lopinda kanayi, maso ali otsegula. Pamenepa itanani wina kuti aziponyerana nanu mpira wachikulunga, poyamba molunjika pachifuwa, pambuyo pake m'mbali, m'mwamba ndi chapansi, ndipo muziwerenga kuti mwawakha kangati phazi linalo lisanagunde pansi.

Ntchito yomaliza m'gawoli imafuna kujambula pansi. Lembani mizere inayi yodutsana pakati kuti ipange nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, imani pakati ndi mwendo wovulala, ndipo ndi chala cha phazi linalo mukhudze patali pamene mungafike pa mzere uliwonse, osatsamirapo, n'kubwerera pakati. Ikani chizindikiro pamene mwafika ndipo muyerekeze ndi mwendo wabwino. Mizere ya kumbuyo ndi ya m'mbali ndi imene imavuta, ndipo ndi imenenso imaonetsa bwino ngati mukupita patsogolo. Mphindi khumi patsiku n'zokwanira, koma pitirizani kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi ngakhale ululu utatha kalekale.

Thupi lonse lisagone

Phazi limodzi likavulala, ziwalo zina zilibe chifukwa chofookera. Botolo la madzi la lita imodzi limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, choncho mabotolo awiri ndi okwanira kulimbitsa mikono ndi mapewa mutakhala pa mpando, ndipo mukafuna olemerapo thiranimo mchenga. Tsegulani wailesi, muziponya zibakera m'malere motsatira nyimbo kwa mphindi zitatu, pumulani mphindi imodzi, n'kubwereza mpaka mutatuluka thukuta. Mutagona chagada mawondo atapinda, nyamulani chiuno m'mwamba maulendo 12. Mutagona cham'mbali, kwezani mwendo wapamwamba uli wowongoka. Minofu ya m'chiuno imeneyi imathandiza kuti bondo ndi phazi zizitera molunjika. Kudzuka ndi kukhala pa mpando osagwira ndi manja kumalimbitsa ntchafu popanda kugwedeza kakolo. Kuyenda m'madzi ofika m'chiuno kumapeputsa thupi ndipo n'kwabwino, koma okhala m'mbali mwa nyanja ndi madambo akumbukire likodzo ndi kupewa madzi odekha a m'mabango mmene mumakhala nkhono.

Kubwerera ku ntchito ndi ku masewera

Musanathamange, yesani zinthu zitatu: kuyenda mwandawala mphindi 30 popanda ululu kapena kutupa m'mawa mwake, kunyanyamphira ndi mwendo wovulala maulendo ofanana ndi a mwendo wabwino, ndi kuima pa mwendowo mutatsinzina nthawi yoyandikira ya mnzakewo. Mukakwanitsa, yambani kuthamanga pang'onopang'ono pa malo osalala, molunjika, mukusinthanitsa mphindi imodzi yothamanga ndi ziwiri zoyenda. Pakapita masiku, ikani njerwa ziwiri motalikirana mamita khumi ndipo muzizizungulira mojambula nambala 8, n'kumaziyandikizitsa kuti makona azikhala akuthwa. Kudumpha kubwere pomaliza: jingo ndi miyendo iwiri, kenako kudumphadumpha ndi mwendo umodzi kutsogolo, m'mbuyo ndi m'mbali mwa mzere, mukutera mofewa bondo litapinda. Wosewera mpira wamanja kapena wamiyendo achite nawo zokonzekera za timu kwa masiku angapo asanalowe m'masewera enieni, ndipo kuvala chomangira kakolo kapena kumata tepi m'miyezi yoyambirira kumachepetsa ngozi. Kwa amene amagwira ntchito yosenza katundu kapena ya kumunda, yambani ndi katundu wochepa ndi nsapato zomanga zingwe, pakuti patapata ndi nsapato zazitali chidendene sizigwira phazi pa nthaka yosalingana.

Bwererani kuchipatala ngati pakatha sabata imodzi simukuthabe kuponda, ngati pakatha masabata asanu ndi limodzi ululu ndi kutupa sizikusintha, kapena ngati phazi likumangogonja lokha mukuyenda. Ngati kumbuyo kwa mwendo pansi pa bondo kwatupa, kukutentha ndi kupweteka mosiyana ndi malo amene munabinya, makamaka mutakhala masiku ambiri osayenda, pitani tsiku lomwelo, chifukwa magazi akhoza kukhala kuti aundana mumtsempha, ndipo musalole aliyense kusisitapo. Mukapita, pemphani kuti akutumizeni kwa a mafizo, ndipo mutenge pepala limene mwakhala mukulembapo miyeso yanu ya pakhoma ndi ya pa nyenyezi kuti aone pamene mwafika.